Mmene ndimaikira ma torque box pa Mustang yakale

Chaka chatha bwana wina anandibweretsera Ford Mustang ya 1966 pa galaja yanga ku Luwinga kuno ku Mzuzu. Anaigula ku Joni. Injini yake, V8 ya 289, inkagunda bwino ndithu, koma iye anali ndi dandaulo: akadutsa pa bampu galimoto yonse imalira ngati bedi lakale, ndipo akaimika tayala limodzi pokwera, chitseko chimakana kutseka. Ndinangosuzumira kunsi, n'kumuuza kuti, "Bwana, galimotoyi ikupotoka m'chiuno."

Vuto lake ndi kapangidwe. Mustang ilibe chasisi chathunthu ngati cha Hilux. A Ford anaimanga potengera galimoto yawo ina yotchedwa Falcon, moti thupi lomwelo ndiye chasisi. Mitanda iwiri yonyamula injini imathera pansi pa mpando, yakumbuyo imayambira kwina, ndipo cholumikiza ndi lata la pansi ndi masili, zitsulo zazitali za m'munsi mwa zitseko zija. Torque box ndi kabokosi ka chitsulo kamene kamamanga mtanda ku sili, kuseri kwa tayala lakutsogolo, pansi pamene mumaponda mapazi. Mu 1965 ndi 1966 mabokosi akutsogolowa ankaikidwa pa zopanda denga zokha. Mu 1967 zadenga zinayamba kukhala ndi limodzi kumanzere, mbali ya dalaivala wa ku America, ndipo mu 1968 anaika mbali zonse. Ndiye ya bwana uja inabadwa ilibe.

Musanagwire makina owotcherera, imikani galimoto mowongoka. Apa m'pamene pagona nkhani yonse, chifukwa bokosi limamanga galimoto mmene mwaipezera; ikakhala yopotoka, mwaikhomerera kupotokako. Ine ndinaphunzira ndi misozi pa galimoto ina zaka zapitazo. Ndinaikweza ndi jeke ngodya imodzi, n'kuwotcherera mosangalala, poitsitsa chitseko chinkagunda mzati. Ndinatha masiku awiri ndikudula ntchito yangayanga, mwini wake atakhala pa benchi akundiyang'ana. Tsopano ndimafuna simenti yosalala, masitandi anayi pansi pa mitanda, levulo pa sili iliyonse, ndipo ndimayeza mopingasa ndi tepi kuchokera ngodya ina kufika ina. Zitseko sindichotsa ayi. Ndizo mboni zanga: mpata wa chitseko ukhale wofanana pamwamba ndi pansi, ndipo ndimatsegula n'kutseka pafupipafupi mpaka ntchito ithe.

Kenako chotsani batire, mpando, kapeti ndi zofunda zonse za pansi pake, madigadi akutsogolo, ndipo mapaipi a petulo ndi a mabuleki muwasunthire kutali. Mnyamata wanga amakhala m'kati ndi ndowa ya madzi ndi chozimitsira moto, chifukwa phula lakale la pansi pa galimoto silichedwa kuyaka.

Tsopano dzimbiri. Mustang zakale zimadontha pa mphako ya mpweya ili kutsogolo kwa galasi, madzi n'kumatsikira pomwe pali mapazi. Onjezani mvula ya kuno yosadziwa kukata ndi nkhungu ya m'mawa, muona kuti lata limasanduka chikondamoyo. Tengani sikuludiraiva mubaye sili, mtanda ndi pansi ponse. Pamene yalowa, dulani muike chitsulo chatsopano kaye. Pa ya bwana uja ndinadula chigamba chachikulu ngati mbale ya nsima kumanja, iye n'kugwira pakamwa chifukwa penti yapamwamba inkaoneka yabwinobwino.

Mabokosi enieni amagulitsidwa opindapinda kale, ambiri ali zidutswa ziwiri, ndipo athu tinachita kuitanitsa kunja. Mukafuna kupanga nokha, yambani ndi katoni: dulani, yesani, dulaninso, kenako mukopere pa chitsulo cha mamilimita awiri. Ngakhale ogula sakwana okha. Konzekani kumenya ndi hamala ndi kusema ndi gilayinda mpaka milomo yake igone pa mtanda, pa sili ndi pa lata la mapazi popanda mpata. Paleni malo onse okhudzana mpaka chitsulo chiwale, mupopere pulaimala ya zinki ija yolola kuwotcherera, ndipo m'kati mwa bokosi mupente tsopano, pakuti mukatseka simudzafikamonso.

M'milomomo boolani mabowo a mamilimita 8, otalikirana masentimita atatu kapena anayi. Panani ndi makalampu, gwiritsani powotcherera madontho ochepa m'ngodya, kayeseni chitseko, ndiye muyambe kudzaza mabowo aja, moto ukuyambira pakati pa bowo kuti ulume chitsulo cha kunsi. Gwiritsani ntchito makina owotcherera a MIG, amene ambiri timangoti a CO2. Ndikudziwa kuti anzanga ambiri ali ndi makina a marodi okha, owotcherera mageti ndi mawindo, koma pa lata lopyapyala chonchi rodi imangoboola. Bwerekani. Ndipo musathamange mzere umodzi: bowo limodzi kuno, lina uko, chitsulo chizipuma, apo ayi kutentha kukoka sili.

Mukamaliza, salazani pang'ono chabe, matani sila m'mizere yonse, pentani, n'kupopera mafuta oteteza dzimbiri m'kati. Kabowo kotulutsira madzi pansi pa bokosi musakatseke. Matope a ku Mchengautuwa akalowa ayenera kupeza potulukira.

Yang'ananinso mabokosi akumbuyo, pamene pamangidwa masipulingi. Amenewo Mustang iliyonse ili nawo, koma amaola. A bwana uja anali amoyo, tinangowatsuka.

Poyesa tinatsika msewu wa ku Nkhata Bay, m'makona muja. Pobwerera ndinakweza dala tayala lakumanja pa njerwa ziwiri, n'kumuuza atseke yekha chitseko. Anakankha ndi chala chimodzi, chinangoti khethe.