Kukonzekera tsiku lowombera mbale zadongo ndi mfuti yakale ya mipope iwiri yogundizana

Ku Britain ndi ku America, anthu okonda mfuti zakale za mipope iwiri yogundizana m'mbali amakhala ndi masiku awo okumana n'kumawombera mbale zadongo zoponyedwa ndi makina. Umodzi mwa misonkhano yodziwika ndi Southern Side by Side, womwe umachitikira ku Sanford, ku North Carolina. Kumalo otere mumapeza mfuti za ku America za Parker, L.C. Smith ndi A.H. Fox, pamodzi ndi za ku England monga Purdey, Holland & Holland ndi Westley Richards, zambiri zopitirira zaka 100. Zochuluka mwa izo anazipanga zopepuka kuti mlenje aziyenda nazo tsiku lonse. Pa tsiku la mbale zadongo mfuti yomweyo imalira ka 50 kapena ka 100 m'maola ochepa. Imapirira ndithu, bola mwaiyeza kaye ndipo mukuipatsa makatiriji oyenera msinkhu wake.

Yambani ntchitoyi kukali masabata angapo, osati usiku woti mawa ndi tsikulo. Onetsetsani kuti mfuti ilibe katiriji, chotsani kathabwa ka pansi pa mipope, ndipo mugulule mipopeyo. Pansi pake, pamalo afulati pafupi ndi pomwe pamalowera katiriji, pali zidindo. Pa mfuti za ku Britain zidindozi zimachokera ku nyumba zoyesera mfuti za ku London kapena ku Birmingham, ndipo zimanena ngati mfutiyo inayesedwa ndi onga wamakono wopanda utsi kapena ndi onga wakuda wokha. Mukaona NP, BNP kapena mawu oti Nitro Proof, ndiye kuti inayesedwa ndi onga wamakono. Ngati palibe, itengeni kuti ndi ya onga wakuda. Mfuti zakale za ku America sizikhala ndi zidindo zoterezi, chifukwa kumeneko kampani iliyonse inkayesa yokha mfuti zake, choncho mawu omaliza ndi a mmisiri wa mfuti.

Chachiwiri ndi kutalika kwa chipinda cha katiriji, ndipo apa ndi pomwe ambiri amagwa. Mfuti zambiri zakale za ku Britain za 12 bore (bore kapena gauge ndi muyezo wa kukula kwa bowo la mpope) zili ndi chipinda cha mamilimita 65, pomwe makatiriji ofala masiku ano ndi a mamilimita 70. Vuto ndi loti katiriji wa 70 amalowa bwinobwino m'chipinda cha 65 ndipo mfuti imatsekeka popanda chodandaulitsa, chifukwa muyezowo ndi wa katiriji atatseguka kukamwa, osati asanawombedwe. Ukakhethemula, kukamwa kwakeko kumatambasukira pomwe mpope wayamba kale kuchepa, mphamvu ya mkati imakwera, komanso makatiriji a 70 ambiri amakhala olemera kuposa omwe mfutiyo inayesedwera. Gulani olembedwa 65 kapena 67 pa bokosi, omwe opanga ake anena kuti ndi a chipinda chachifupi. Mfuti zakale za ku America za 16 gauge nazonso kawirikawiri zili ndi chipinda chachifupi cha mainchi 2 ndi 9/16.

Mmisiri ayeze kuchindikala kwa khoma la mipope ndi chida chake. Mfuti yomwe inapalidwa m'kati kangapo pofuna kuchotsa timaenje ta dzimbiri imaoneka yonyezimira ngati yatsopano, koma khoma lake lingakhale litapyapyala. Amisiri ambiri a ku Britain safuna kuona khoma lochepera mainchi 0.020, womwe ndi pafupifupi theka la milimita. Mipope ya Damascus, ija yopangidwa popiringiza timizere ta chitsulo n'kutiwotcherera pamodzi, imaoneka ndi maluwamaluwa ake. Si yonse yoopsa. Ina inayesedwanso ndi onga wamakono ndipo ikugwira ntchito mpaka lero, koma dzimbiri limatha kubisala m'mizere yowotchererayo, ndiye musaiwombe mmisiri asanaione.

Pali zoyeza zina zomwe mungachite nokha patebulo. Kolekani mipope pa chala pogwiritsa ntchito mbedza yake ya pansi, muigogode pang'ono ndi chikhadabo kapena pensulo. Ikalira ngati belu, ndiye kuti timizere tachitsulo tolumikiza mipope iwiriyo tagwira bwino. Ikalira mogonthera kapena monjenjemera, penapake pamatuka, ndipo madzi amalowa pamenepo n'kumadya mpope chamseri. Kenako bwezerani mipope koma kathabwa kaja musakaike. Gwirani mfuti pa thako lake muigwedeze uku ndi uku. Mukamva kugwedera, mipope yalekana ndi nkhope ya mfuti, ndipo kuwomba kulikonse kuzikulitsa mpatawo. Onaninso mtengo pomwe ukumana ndi chitsulo. Ukakhala wakuda bii ndi wofewa, wamwa mafuta kwa zaka zambiri ndipo suchedwa kung'aluka. Mng'alu wonga tsitsi kumbuyo kwa chitsulo cha m'mbali, umene umapezeka kawirikawiri pa mfuti za L.C. Smith, ukonzedwe msanga.

Pa kulemera kwa mtovu, lamulo lakale lomwe W.W. Greener ankalimbikitsa likuthandizabe: mfuti izilemera kuwirikiza ka 96 kulemera kwa mtovu wa m'katiriji. Ndiye kuti magalamu 28 amafuna mfuti ya makilogalamu pafupifupi 2.7. Awo ndi malire a pamwamba a kulemera kwa mtovu. Pa mbale zadongo magalamu 21 kapena 24 a timipira tamtovu ta saizi 7½ kapena 8 amakwana, mbale imasweka chimodzimodzi, phewa silitupa, ndipo mtengo wakalewo sumenyedwa kwambiri. Timipira tachitsulo m'malo mwa mtovu musatiike m'mipope ya Damascus, yopyapyala, kapena yothina kwambiri kukamwa, chifukwa sitifinyika ndipo tingatupitse mpope pafupi ndi kukamwa. Komwe mtovu ndi woletsedwa, bismuth, chitsulo chofewa cholowa m'malo mwa mtovu, ndiye amayenera mfuti zakale, ngakhale ndi wodula. Funsaninso eni bwalo ngati amafuna makatiriji omwe chotsekera chake cha pakati pa onga ndi mtovu ndi cha ulusi m'malo mwa pulasitiki, poti mabwalo ambiri a m'minda salola pulasitiki.

Musasunge makatiriji a 12 ndi a 20 m'thumba limodzi. Pa misonkhano yotere anthu amabwerekana mfuti kwambiri, ndiye ngoziyi ili pafupi. Katiriji wa 20, yemwe ndi wocheperako, akalowa m'mfuti ya 12 amatsetsereka n'kukakamira m'tsogolo, malo n'kutsala oti wina wa 12 alowe pambuyo pake. Mukawomba, mpope umaphulika pomwe pali dzanja lanu lakumanzere. Musanagwire mfuti ya mnzanu, khuthulani matumba.

Pabwalo, mfuti iziyenda yothyola ndi yopanda kanthu m'kati. Makatiriji amalowa mukaima pamalo owomberapo basi, mutavala zoteteza maso ndi makutu. Musanaike oyamba, suzumirani m'mipope yonse iwiri muone kuwala. Potseka, mipope iloze pansi chakutsogolo, inu mukweze thako la mfuti kuti likumane nayo, ndipo musamenyetse. Ngati ndi mfuti ya nyundo zoonekera kunja, nyundozo muzikoke mutatseka kale ndipo mipope italoza komwe mbale ziulukire.

Zokhethemulira ziwiri zimasokoneza amene anazolowera chimodzi. Chakutsogolo chimawomba mpope wakumanja, womwe nthawi zambiri ndi wotseguka kukamwa ndipo umamwaza mtovu motambalala, choncho ndi wa mbale yapafupi. Chakumbuyo chimawomba wakumanzere, wothina, wa mbale yakutali. Mbale ziwiri zikamabwera molunjika kwa inu, yambani ndi chakumbuyo idakali kutali, mumalize ndi chakutsogolo. Gwiritsani chala chimodzi chokha, chizitsetsereka kuchoka kutsogolo kupita kumbuyo. Mukaika zala ziwiri, kugunda kwa mpope woyamba kumakhethemulitsa wachiwiri nthawi yomweyo. Koma mfuti ikawomba mipope yonse iwiri chala chili chimodzi, ndiye kuti zitsulo za m'kati zaperepeseka, ndipo tsiku lake lathera pomwepo. Kumbukiraninso kuti mfuti zambiri zoterezi zimabwezeretsa zokha loko wachitetezo mukangothyola, ndiye musanaitane mbale mukankheni ndi chala chachikulu. Mbale zambiri zimapulumuka chifukwa cha kuiwala kumeneku.

Pa kalozedwe, mipope iwiri yogundizana imaoneka yotambalala ndipo imakopa diso. Diso likhale pa mbale, mipope muziiona mwa chizimezime. Mfuti zakale za ku America zambiri zili ndi thako lotsika kwambiri, moti mukakanikiza tsaya simuonanso mzere wa pakati pa mipope ndipo mtovu umadutsa pansi pa mbale. Kachikopa komangirira pa thako kamakweza tsaya popanda kuboola mtengo. Ngati bwalo lili ndi chitsulo choyeserapo, wombani kangapo pa mtunda wa mayadi 16 muone komwe mtovu ukugwera.

Mipope imatentha msanga, ndipo kathabwa ka pansi n'kochepa, zala zimagwira chitsulo chenicheni. Valani gulovu ku dzanja lakutsogolo kapena vekani mipope chikopa chake chotchinga. Pa mpikisano woti mbale zambiri zimaponyedwa motsatizana kwa gulu la anthu atatu kapena anayi, mfuti ipumitseni yothyola gawo lililonse likatha.

Mfuti ikakana kulira, musaithyole msanga. Ilozebe kutsogolo kwa masekondi 30, chifukwa katiriji wina amachedwa kuyaka. Ikalira mofooka kusiyana ndi nthawi zonse, imani, chotsani katiriji winayo, musuzumire mu mpope. Chotsekera chimatha kutsalira m'kati, ndipo kuwombanso pamenepo kumatupitsa kapena kung'amba mpope.

Kwa amene mukukonza tsikulo, ikani makina molingana ndi mfutizi. Mbale zanthawi zonse za mamilimita 110 zikhale zochuluka, zouluka ngati mbalame pa mamita 20 mpaka 30, ndipo timbale tating'ono ta mamilimita 60 tikhale tochepa. Siyani malo a mamita 275 opanda anthu kapena ziweto kutsogolo kwa malo aliwonse owomberapo, kuti mtovu uzigwera momwemo. Gawani mpikisano potengera kukula kwa mpope, ndipo mfuti za nyundo ndi za onga wakuda zikhale ndi magulu awoawo. Pakhomo pakhale munthu wodziwa kuwerenga zidindo, ndi makatiriji aafupi ogulitsa kwa amene abwera ndi olakwika.

Mukafika kunyumba, pukutani mipope tsiku lomwelo. Ngati munawomba onga wakuda, tsukani m'kati ndi madzi otentha, chifukwa zotsalira zake zimakoka chinyontho n'kuyambitsa dzimbiri usiku umodzi wokha, kenako umitsani bwino ndi kupaka mafuta pang'ono. Poisunga, iimikeni mipope italoza pansi kuti mafuta asatsikire mu mtengo.