Hobie 16 ikagwa chammbali mpikisano uli mkati

Mwafunsa kadzutsidwe ka bwato la matanga la matupi awirili (timabwato tiwiri tolumikizidwa) likagwa. Choyamba onani ngati mnzanu ali bwino, kenako masulani zingwe za matanga onse awiri. Mukaiwala zimenezi, bwato likangodzuka likuthawani. Kwerani msanga pa thupi la bwato lomwe lili m'madzi mlongoti usanamire, chifukwa ukaloza pansi ntchito yakula.

Tembenuzani mphuno za bwato ziyang'ane kochokera mphepo, mopendekera pang'ono, kuti mphepoyo ilowe kunsi kwa thanga. Ponyani chingwe chodzutsira pamwamba pa thupi lakumwamba, nonse awiri mutsamire chagada, matako pafupi ndi madzi. Musapupulume, limayamba pang'onopang'ono.

Likamatera, gwirani zolimba chitsulo cha kunsi kwa mlongoti. Pa Nyanja ya Malawi mwera wa mu Julaye suchedwa kuligubuduzira mbali inayo.