Momwe makolo ndi aphunzitsi angatetezere ana kuti asayambe kupalamula milandu

Ana ena amene amathera kumalo osinthira khalidwe a Mpemba ku Blantyre kapena a Chilwa ku Zomba amayamba ndi kujomba kusukulu popanda wozindikira. Mwana amanyamuka m'mawa atavala yunifolomu, n'kukathera tsiku m'nyumba yoonetsera mavidiyo kapena pasiteji ya minibasi, kumene anyamata akuluakulu amamutuma ndudu ndi chamba, madzulo n'kubwerera kunyumba ngati wochokera m'kalasi.

Choncho kholo liyambe ndi kutsegula makope a mwana sabata iliyonse n'kuona madeti ndi zimene mphunzitsi wachonga. Ngakhale kholo losadziwa kuwerenga lingathe kuzindikira kuti masamba sakuwonjezeka, ndipo likatero lipite lokha kukaonana ndi mphunzitsi wa kalasi, osadikira msonkhano wa makolo wa kumapeto kwa teremu. Mphunzitsi nayenso akaona m'kaundula kuti mwana wasowa masiku angapo otsatizana, atumize uthenga kunyumba kudzera mwa amayi a mother group kapena komiti ya sukulu, chifukwa kalata yopatsira mwana yemweyo sifika.

Chachiwiri n'chakuti katundu aliyense wachilendo afunsidwe kumene wachokera. Mnyamata akabwera ndi foni, kapena mtsikana akapezeka ndi mafuta odzola ndi ndalama zimene simunamupatse, mukhale naye pansi tsiku lomwelo. Ndimaona kuti makolo ena amakhala chete chifukwa ndalamazo zagula ndiwo, koma kuteroko kumauza mwanayo kuti njira imene wazipezera ndi yovomerezeka. Mumufunse mofatsa, popeza mwana womenyedwa kwambiri amangophunzira kubisa, mwinanso kuthawira m'misewu. Ngati sakumasuka kwa inu, itanani amalume ake kapena azakhali ake.

Kusukulu, chilango chisakhale chothamangitsa mwana m'kalasi kwa masiku ambiri, pakuti akakhala panja amakumana ndi anthu omwe aja amene mukufuna kumulekanitsa nawo.

Mwana akagwidwa ndi apolisi musamutaye. M'Malawi mwana wosakwana zaka 10 sazengedwa mlandu, ndipo lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limalola kuti milandu yaing'ono ithe popanda kupita kukhoti, monga mwa kupepesa kapena kubweza chimene watenga. Pitani kupolisi komweko mukafunse za njira imeneyi, ndipo ngati mukufuna uphungu imbani pa nambala yaulere yothandiza ana ya 116.