Kuika Matayala Aakulu pa Land Cruiser Yakale

Mwafunsa ngati Land Cruiser 60 yanu ingalandire matayala a mainchesi 33 kuti muziyenda nayo bwino pa msewu wa ku Nyika m'nyengo ya dzinja. Ndi zotheka, koma musayambe ndi kugula matayala.

Choyamba, onetsetsani kuti malimu amene mukufuna ali ndi mabowo 6 a mabawuti (mamilimita 139.7 kuchokera pakati pa bowo limodzi kufika pakati pa bowo loyang'anizana nalo), ndiponso kuti amatulukira kunja pang'ono, chifukwa tayala lalikulu likalowa kwambiri mkati limakhula masipuling'i. Kenako kwezani galimotoyo ndi mamilimita 50 poika masipuling'i atsopano ndi mashoko aatali. Ine sindikhulupirira masipuling'i akale ongopindidwanso ndi nyundo, popeza sachedwa kubwerera mwakale. Mapaipi a mabuleki nawonso akhale aatali, kuti asakokeke ekiselo ikatsika.

Mukamanga matayalawo, kwezani limodzi pachulu, pindani chiwongolero mpaka kumapeto mbali zonse, ndipo musuzumire pansi pa madigadi. Pamene mwaona mzere wakuda wa labala ndi pamene tayala likukhudza, choncho sinthani mabawuti oimitsa chiwongolero kapena dulani pang'ono chitsulo cha madigadi pamalopo.

Pomaliza, kaongoletseni miyendo ya galimotoyo, kuti matayala alunjike bwino, kwa makaniko kuno ku Mzuzu. Dziwani kuti sipidomita iziwonetsa liwiro lochepa kuposa lenileni, ndipo pokwera Chiweta muzifunika giya yotsika kuposa kale.