Wojambula zithunzi, yankhani mafunso a kasitomala asanakufunseni

Masiku ano pafupifupi aliyense wobwera ku ukwati amakhala ndi foni yojambula, ndipo mafoni ena amatulutsa zithunzi zooneka bwino ndithu. Ndiye inu amene mumadyera kamera dzifunseni kuti banja lipatuliranji ndalama zokulipirani. Banja limalipira munthu amene lamukhulupirira kuti adzafika nthawi yake, sadzaphonya povekana mphete, ndipo zithunzi adzapereka tsiku lomwe analonjeza. Chikhulupiriro chimenechi chimayamba ndi zomwe mumaika pa Facebook ndi pa WhatsApp, miyezi ingapo munthuyo asanakuimbireni.

Ojambula ambiri amangoika chithunzi chimodzi chokongola cha mkwatibwi, pansi n'kulemba dzina la situdiyo ndi nambala, basi. Wina akafunsa mtengo amamuuza kuti abwere ku inbox. Apa ndi pomwe makasitomala ambiri amabwererapo. Munthu amachita manyazi kufunsa mtengo mseri poopa kuti akauzidwa n'kulephera, aoneka ngati amangotayitsa nthawi. Lembani mtengo poyera, ngakhale woyambira wokha, ndipo fotokozani zomwe zili m'kati mwake: mukhalapo maola angati, mubwera ojambula angati, zithunzi zokonza pa kompyuta zingati, zotsuka zingati, alubamu ilipo kapena ayi. Ngati inu muli ku Lilongwe ukwati uli ku Dedza, nenani kuti thiransipoti ndi ya ndani. Lembaninso mwezi umene mtengowo udzasiya kugwira ntchito. Mu November 2023 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, pamene mapepala otsukira zithunzi, inki ndi mabatire zonse zimachokera kunja. Wolonjeza mtengo wa chaka chamawa osaika malire amadzagwira ntchito yongobweza zomwe wawononga.

Chithunzi chimodzi chabwino aliyense angachipeze mwamwayi. Kasitomala wanzeru amafuna aone tsiku lonse. Mukajambula chinkhoswe, sankhani zithunzi khumi kapena khumi ndi zisanu zoyenda ndi mwambowo: amayi akuphika kuseri kwa nyumba m'mawa, ankhoswe akusinthana nkhuku, agogo akululutira, manja a mtsikana akulandira mphete. Pa ukwati musabise zithunzi za mu holo. Panja pa tchalitchi pamawala, aliyense amajambula bwino. Luso limaoneka pa perekaniperekani, pamene holo ili ndi kamdima, anthu akuvina mothithikana, ndalama zikuuluka, koma inu n'kutulutsa nkhope ya mkwatibwi yooneka bwino popanda diresi loyera kusanduka chimtambo chopanda maluwa ake. Amene akukonzekera ukwati akaona zimenezo amadziwa kuti mdima wa mu holo yake sudzakuvutani.

Pansi pa zithunzizo lembani mawu. Tchulani mtundu wa mwambo ndi dera: chinkhoswe ku Area 25, ukwati ku Chilomoni, zithunzi za otomerana ku Senga Bay kapena pa mathithi a Likhubula ku Mulanje. Anthu akamasaka wojambula pa intaneti amalemba dzina la malo, ndipo chithunzi chopanda mawu sichipezeka. Kulembetsa situdiyo yanu pa Google Maps n'kwaulere, chitani sabata ino.

Chomwe ndimalimbikitsa kwambiri, ndipo ochepa ndi amene amachita, ndi kulemba malangizo othandiza kasitomala. Inu mukudziwa zinthu zomwe komiti ya ukwati sidziwa. Mukudziwa kuti dzuwa la masana mu October limatsinzinitsa anthu, kusiya mithunzi yakuda m'maso, thukuta n'kuchotsa zodzola kumaso, pamene kuyambira 4 koloko madzulo kuwala kumafewa mpaka dzuwa litalowa cha m'ma 6 koloko. Mukudziwa kuti akwati akachoka ku tchalitchi n'kuthamangira ku holo, zithunzi za awiriwo paokha sizipezeka, ndiye papulogalamu pamafunika theka la ola lopatulira zimenezo. Mukudziwanso kuti mipingo ina silola fulashi kapena kuyendayenda kutsogolo mwambo uli m'kati, choncho ndi bwino kufunsa abusa kapena ansembe pasadakhale. Zilembeni zimenezi mwachidule, nkhani imodzi pa sabata, ndi chithunzi chosonyeza zomwe mukunena. Mayi akawerenga amatumizira mwana wake, mwanayo amaponya pa gulupu ya komiti, ndipo dzina lanu limafika kwa anthu omwe simunawalipire kanthu kuti akutsatseni. Musaope kuti mukugawa nzeru zaulere. Wowerenga malangizo anu sagula kamera mawa, amafuna munthu amene walembayo.

Tsatirani kalendala. Pa 15 October ndi Tsiku la Anakubala, ndiye pofika pakati pa September yambani kuonetsa zithunzi za mabanja ali ndi amayi awo. Masukulu a ukachenjede monga University of Malawi ku Zomba, MUBAS ku Blantyre, LUANAR ku Bunda ndi Mzuzu University amalengeza masiku a mwambo wa omaliza maphunziro nthawi ikadalipo. Akangolengeza, tulutsani zithunzi za chaka chatha pamodzi ndi mtengo. Nthawi ya dzinja maukwati akachepa, onetsani kuti mumajambulanso katundu wa amalonda: makeke, zosokasoka, nyumba zobwereketsa.

Status ya WhatsApp imafufutika pakatha maola 24. Ndi yabwino pokumbutsa anthu kuti mulipo, koma ntchito yanu yeniyeni ikhale pamalo pokhazikika, monga ma alubamu a pa tsamba la Facebook kapena katalogi ya WhatsApp Business. Zoonetsa pagulu zichepetseni kukula kuti zisadye bandulo ya owonera. Zopita kwa mwini wake zitumizeni ngati document, chifukwa zikapita mwachizolowezi WhatsApp imazifinya ndipo pozitsuka zimatuluka zosaoneka bwino.

Musaike nkhope ya munthu pagulu musanamupemphe, ngakhale anakulipirani. Ena safuna kuti akuntchito kwawo aone ukwati wawo, ena ali ndi zifukwa za m'banja zomwe sangakuuzeni. Pa zithunzi za ana pemphani makolo, ndipo za pamaliro kapena pa chiliza zisiyeni kwa eni ake. Kuyambira 2024 dziko lino lili ndi lamulo la Data Protection Act loteteza mbiri ya munthu, ndiye chilolezocho chikhale cholembedwa, ngakhale ndi uthenga wa pa foni womwe mwausunga. Nanunso ntchito yanu ndi yotetezedwa ndi Copyright Act ya 2016, ndipo bungwe la COSOMA, loteteza ntchito za anthu aluso, lingakufotokozereni za ufulu wanu. Ikani dzina lanu laling'ono pakona pa chithunzi, osati pankhope pa munthu.

Mukamaliza ukwati, akwati atalola, patulani zithunzi zitatu kapena zinayi za keke, za holo yokongoletsedwa ndi za diresi, mutumizire amene anaphika, amene anakongoletsa ndi telala, n'kuwapempha kuti poziika akutchuleni. Akwati ambiri amayamba kupeza holo ndi wokongoletsa asanaganize za wojambula, ndipo wokongoletsayo ndi amene amafunsidwa kuti akudziwa ndani wojambula bwino.