Momwe mungayambire ntchito yoteteza atsikana ku Mangochi

Yambani ndi kudziwa malamulo, makamaka lamulo la maukwati la 2015 ndi kusintha kwa malamulo oyendetsera dziko kwa 2017, komwe kunatsimikiza kuti munthu asalowe m'banja asanakwanitse zaka 18. Musathamangire kulembetsa bungwe. Gwirani kaye ntchito ndi magulu a amayi a m'sukulu, omwe amadziwa mwana aliyense amene wasiya kuphunzira.

Kwa mafumu, mashehe ndi anankungwi pitani mwaulemu, pakuti m'midzi ya m'mphepete mwa nyanja mawu awo amamveka kuposa zikwangwani. Mukamva za mtsikana wokwatiwitsidwa, imbani 116, nambala ya foni yothandiza ana, kapena kanenani kupolisi, kenako kambiranani ndi makolo komanso mphunzitsi wamkulu, popeza kuyambira 1993 boma limalola mtsikana amene wabereka kubwerera kusukulu.