Kachubu ka m'mphuno si kamene kamapha mwana wodwala mtima

Dzinja lino taonanso amayi a kuno ku Kasungu akuzula kachubu kodyetsera mwana usiku, anamwino akangotembenuka. Ena akukaniratu kuti kasaikidwe, ati agogo kumudzi anena kuti mwana akaikidwa chubu ndiye kuti zake zatha. Mawu amenewa atitopetsa. Kachubu amamuika mwana amene wafooka kale, ndiye zikavuta anthu amaloza chala kachubuko, kuiwala matenda amene anamubweretsa m'chipatala.

Kwa mwana wobadwa ndi bowo mu mtima, kuyamwa ndi ntchito yakalavulagaga. Magazi ochuluka amathamangira ku mapapo, mwana n'kumapuma mwabefu. Muyang'aneni ali kubere. Akoka kangapo, asiya, thukuta lili kamukamu pamphumi, kenako wagona. Mayi amati wakhuta. Sanakhute ameneyo, watopa. Mphamvu imene wataya pokoka bere yaposa kamkaka kamene kalowa m'mimba, n'chifukwa chake sikelo imaima kapena kutsika ngakhale akuyamwa tsiku lonse. Mwana wonyentchera matenda ena amamupeza mosavuta, ndipo ngakhale atatumizidwa ku Kamuzu Central ku Lilongwe kukaunikidwa mtima, thupi lofooka limachedwetsa chithandizo.

Chimene chimatiwawa kwambiri ndi supuni. Kachubu akazula, amayamba kumuthira mkaka m'kamwa mwana amene akupuma ka 60 kapena kuposa pa mphindi imodzi. Sangameze bwino akupuma chotere. Mkaka umasochera n'kulowa m'mapapo, chibayo n'kubwera pamwamba pa vuto la mtima lija.

Bambo wina wolima fodya cha ku Santhe anafika ku wodi ya ana fodya atakhwima m'munda, wothyola palibe. Anati mwana wa ng'ombe sanamuonepo akudyera m'mphuno, akazi ake alongedze azipita. Sabata isanathe anabweranso pa kabaza, mwana milomo itada, nthiti zikulowa m'kati. Kachubu komwe kaja anakaikanso, ndipo masiku ogona m'chipatala anachuluka kuposa amene bamboyo ankawathawa. Abambo, aganyu othyola fodya amapezeka, asiyeni amayi asamale mwana.

Tsono amayi, mkaka wolowa m'kachubumo ndi wanu womwewo. Finyani bere maola atatu alionse, ka 8 pa tsiku, usiku womwe. Mukalekeza poti mwana sakuyamwa, mawere auma. Sambani m'manja ndi sopo, finyirani m'kapu yowiritsa yokhala ndi chivindikiro, ndipo mkaka usapitirire maola 4 uli pamtunda. Namwino ayambe waona ngati kachubu kali m'malo mwake. Dzutsani mutu wa mwana, mkaka utsike wokha m'sirinji, osaukankha. Kachubu kakatuluka musakabwezere nokha. Dokotala akalola bere, mwana ayamwe mphindi 20 zokha, mkaka wotsalawo upite m'kachubu. Mwana akalemberedwa mankhwala okodzetsa otchedwa Lasix, yezani ndi sirinji, osati supuni, ndipo mwana akayamba kusanza kapena kutsegula m'mimba uzani anamwino musanamupatse ena.